Wodwala Wanu Ndi Mudzi Wonse

Ana anga, ndamva kuti mayina anu atuluka, ndipo mukupita ku Blantyre kukaphunzira za umoyo wa anthu kusukulu ya ukachenjede ya Kamuzu University of Health Sciences. Ndakondwera nanu kwambiri. Musanamange katundu, khalani pansi ndikuuzeni zimene ndikudziwa za njira imene mwasankhayi, chifukwa ndi njira imene anthu ambiri, ngakhale abale anu enieni, saimvetsa bwino.

Mukadzabwera kutchuthi choyamba, azakhali adzakuonetsani chotupa chawo, agogo adzadandaula za msana, ndipo mudzi wonse udzati adokotala afika. Alandireni mwaulemu, muwalozere kuchipatala, koma inu mumtima muzidziwa ntchito yanu. Dokotala wa m'chipatala amalandira wodwala amene wafika pakhomo pake, amamuyeza n'kumupatsa mankhwala, ndipo ntchito imeneyo ndi yolemekezeka. Inu mukukaphunzira kufunsa mafunso ena. Mwana uyu watsegula m'mimba, kodi wamwa madzi a kuti? Anzake amene akumwa pachitsime chomwecho ali bwanji? Ndi angati amene sanafike n'komwe kuchipatala chifukwa mtsinje wadzaza, kapena ndalama ya kabaza yasowa? Wodwala wanu ndi mudzi wonse, boma lonse, nthawi zina dziko lonse.

Tsono mudzi sulandira thandizo kwa munthu amene sukumukhulupirira, ndipo boma silingakonze mapulani abwino ndi manambala abodza. Mawu anga onse lero agona pamenepo. Mukaphunzira zambiri kumeneko, za majeremusi, za kadyedwe, za kayendetsedwe ka zipatala, koma chida chanu chachikulu chidzakhala kukhulupirika: anthu akumudzi akhulupirire mawu anu, akuluakulu a boma akhulupirire manambala anu. Chimenechi sichilembedwa pa satifiketi. Chimamangidwa tsiku ndi tsiku, kuyambira m'kalasi momwemo.

Dziwani kaye kumene ntchitoyi yachokera. Sukulu mukupitayo inayamba mu 1991 ndi dzina la College of Medicine, pansi pa University of Malawi, ndipo mu 2021 inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing n'kuima payokha. Koma ntchito yoteteza anthu ku matenda ndi yakale kuposa nyumba zimene mukaphunziremo. M'zaka za m'ma 1960 kunali anthu oyenda m'midzi kutemera nthomba. Mliri wa kolera utabuka mu 1973, boma linalemba anthu ena oti azithandiza kulimbana nawo, ndipo kuchokera m'magulu amenewa ndi mmene munatuluka alangizi a zaumoyo amene mumawaona lero akuyeza ana kusikelo. Oyambawo analibe digiri. Anali ndi njinga, kaundula ndi miyendo yawo, koma nthomba inatha padziko lonse chifukwa cha anthu onga iwo. Mukulowa m'munda umene ena anaswa kale mphanje, choncho lowani modzichepetsa.

Miyezi yoyamba idzakudabwitsani ndi masamu. Ambiri amapita akuganiza kuti akangomva za matenda ndi mankhwala, kenaka n'kupeza kuti maphunziro a epidemiology ndi biostatistics ndi amene akuwagoneka pakati pa usiku. Musawathawe, ndipo musangowaloweza kuti mukhoze mayeso. Aphunzitsi adzakusimbirani za John Snow, dokotala wa ku London, amene mu 1854 analemba pa mapu nyumba iliyonse imene munafa munthu ndi kolera m'dera la Soho. Ataona kuti malirowo aunjikana mozungulira mjigo wa mu msewu wa Broad Street, ananyengerera akuluakulu a deralo kuti achotse chogwirira cha mjigowo. Pa nthawiyo anthu ambiri ophunzira ankakhulupirira kuti kolera amabwera ndi mpweya wonunkha. Iye anayenda khomo ndi khomo, kufunsa kumene anthu amatunga madzi, n'kuwerenga mosamala. Zimene mukaphunzire pa kompyuta ndi ntchito yomweyo: kudziwa kuti matenda agwira yani, kuti, liti, ndipo chifukwa chiyani agwira awa n'kusiya awo.

Funso limodzi lisachoke pakamwa panu: pa anthu angati? Munthu akakuuzani kuti ana 10 adwala chikuku, musathamangire kulemba lipoti musanadziwe ngati ali 10 pa ana 30 a m'mudzi umodzi kapena pa ana a boma lonse. Ndi funso limeneli dziko limadziwa ngati likupita patsogolo. Kafukufuku wamkulu wa zaumoyo amene ofesi ya National Statistical Office ku Zomba imachita anapeza mu 1992 kuti pa ana 1,000 obadwa amoyo, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Pofika 2015 ndi 2016, nambalayi inali itatsika kufika pa 63. Amayi omwalira chifukwa cha uchembere anali 1,120 pa ana 100,000 obadwa amoyo mu kafukufuku wa 2000, ndipo mu kafukufuku wa 2015 ndi 2016 anatsika kufika pa 439. Mukamaloweza manambala amenewa, kumbukirani mmene anapezekera. Munthu anakhala pakhonde n'kufunsa mayi kuti anabereka ana angati, ali moyo ndi angati, anaika m'manda ndi angati. Mayiyo anatukula chisoni chake kuti dziko lidziwe zoona. Nambala yotere siyenera kugwiridwa mwachibwana.

Manambala oona amapulumutsa anthu, ndipo umboni wake uli konkuno. Kale mankhwala a malungo anali chloroquine. Ofufuza atatsata ana amene anamwa mankhwalawa, anapeza kuti ambiri sakuchira, chifukwa tizilombo ta malungo tinali titawazolowera. Mu 1993 Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kuyamba SP, amene ambiri timati Fansidar, ndipo naye atafooka, mu 2007 tinayamba LA. Kusintha mankhwala a dziko lonse si nkhani yaing'ono. Kumafuna ndalama zambiri ndi kuphunzitsanso ogwira ntchito onse. Akuluakulu anavomera chifukwa panali anthu amene anawerenga mokhulupirika, mwana mmodzimmodzi, n'kunena zimene anaona.

N'chifukwa chake ndikuchenjezani za yesero limene lidzakupezani mosakayikira. Tsiku lina adzakutumani kumudzi ndi mafunso oti mufunse mabanja. Dzuwa la Okutobala lidzakhala likuswa mtengo, eni nyumba ali kumunda kapena kumaliro, galimoto yokutengani yatsala pang'ono kufika, ndipo mapepala ena akadali oyera. Mnzanu adzakunong'onezani kuti tiyeni tingodzaza tokha pansi pa mango apa, mayankho ake ndi omwewomwewo. Kanani. Mwina palibe adzakugwireni, koma bodzalo silithera pamenepo. Limalowa mu kompyuta, limakwera mpaka ku likulu, ndipo pamapeto pake masikito amapita kumene sakufunika, mankhwala amatha msanga kumene odwala ndi ambiri. Bwererani ndi pepala losadzaza n'kufotokoza chifukwa chake. Chimodzimodzinso zotsatira za kafukufuku wanu zikatsutsana ndi zimene munkayembekeza, kapena zimene opereka ndalama akufuna kumva: lembani zimene mwapeza. Munthu amene anazolowera kupeka manambala ali pasukulu sasiya akadzakhala mkulu wa zaumoyo paboma.

Kalasi yanu yaikulu ili kunja kwa mpanda wa sukulu. Kuyambira kale sukuluyi imatumiza ophunzira ake ku Mangochi, ndipo ambiri adutsa pa chipatala chaching'ono cha Lungwena, kutsidya kwa nyanja. Kulikonse kumene adzakutumizeni, yambani mwafika kwa mfumu. Musalowe m'mudzi ndi mapepala m'manja ngati kuti mulibe eni ake. Perekani moni mosathamanga, khalani pamene akulozerani, valani moti anthu asamayang'ane zovala zanu m'malo momva mawu anu; atsikana, chitenje chisasowe m'chikwama. Akakupatsani nsima, sambani m'manja mudye, chifukwa mwina ndiwo zimenezo amana ana awo kuti mlendo adye. Kumadera a Ayao phunzirani moni wa Chiyao, dziwani kuti Lachisanu anthu amapita kumzikiti, ndipo mwezi wa Ramadan si nthawi yoitanitsa msonkhano wautali masana. Zimenezi zingaoneke zazing'ono kwa munthu amene wakhoza mayeso ovuta, koma ndi zimene anthu amayang'ana asanasankhe kukuuzani zoona kapena kungokuyankhani kuti muchoke.

Mphunzitsi wanu woyamba kumeneko ndi mlangizi wa zaumoyo. Mwina sukulu yake sinapite patali ngati yanu, koma amadziwa mayi aliyense woyembekezera m'dera lake, mwana amene waphonya katemera, banja limene lilibe chimbudzi, ndi mjigo umene unawonongeka chaka chatha. Boma limafuna kuti mlangizi mmodzi azisamala anthu 1,000, koma ambiri amasenza oposa pamenepo. M'madera akutali ndi chipatala, iye ndi amene amapereka mankhwala a malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba kwa ana aang'ono, nthawi zina pakhomo pake penipeni usiku. Muyendeni pambuyo, munyamulireni bokosi la katemera, mufunseni. Safunsa anadya phula. Mawa mudzakhala mabwana a anthu amenewa, ndipo mudzawalamula bwino pokhapokha mutadziwa kutalika kwa njira imene amayenda.

Phunzirani kumvetsera musanayambe kuphunzitsa. Wophunzira watsopano akaona masikito akuphera nsomba kunyanja kapena akutchingira dimba, amafulumira kunena kuti anthu ndi osazindikira. Khalani nawo pansi muwafunse. Mudzamva kuti banjalo likudziwa bwino kuti udzudzu umabweretsa malungo, koma njala ndi ya lero. Mudzauza ana kuti asasambe m'nyanja chifukwa cha likodzo, pamene madzi ena osamba, ochapira ndi otsukira mbale kulibe. Mayi amene wachirira kunyumba mwina anafuna kupita kuchidikiro, koma analibe wosiyira ana, kapena anakalipiridwa ulendo wapitawo, kapena amene amalamula za ulendo wotere ndi apongozi ndi amuna ake. Uphungu wosaona zimenezi umangopita ndi mphepo. Onani mmene Inkosi Kwataine ya ku Ntcheu inathandizira nkhani ya uchembere wabwino m'dera lake: inagwira ntchito ndi mafumu ang'onoang'ono ndi amayi a m'midzi, n'kuisandutsa nkhani ya mudzi wonse. Azamba, asing'anga, mashehe ndi abusa anthu amawamvera kuposa inu. Mukawanyoza, mwatseka khomo limene mukanalowera.

Mudzachitanso kafukufuku, ndipo musanafunse munthu funso limodzi kapena kutenga dontho la magazi, mudzayenera kupeza chilolezo ku komiti yoona kuti ofufuza sakuphwanya ufulu wa anthu, imene kusukuluko yakhala ikudziwika kuti COMREC. Mudzadandaula kuti ikuchedwetsani. Pirirani, chifukwa ilipo kuteteza anthu amene sangathe kudziteteza kwa munthu wophunzira wobwera pagalimoto. Pepala la chilolezo musamangolozera munthu poti adinde chala. Mufotokozereni m'chinenero chake chimene mukufuna, kumene magazi ake apite, amene adzaone mayankho ake, ndiponso kuti akakana sataya thandizo lililonse kuchipatala. Nkhani ya magazi ndi yolemera kuno kwathu. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo ndi maboma ena, anthu anaphedwa, ndipo ntchito zaumoyo zinasokonekera chifukwa ogwira ntchito ankaopa kulowa m'midzi. Mu 2021 boma linawotcha katemera wa Covid-19 pafupifupi 20,000 amene anatha mphamvu, pa nthawi imene anthu ambiri ankamukayikira. Mantha otere sachoka ndi kuwaseka. Amachoka anthu akaona, chaka ndi chaka, kuti azaumoyo amanena zoona ndipo amachita zimene analonjeza. Ndipo chinsinsi cha munthu, makamaka cha HIV, chisatuluke pakamwa panu, kaya ku hositelo, kaya pa WhatsApp.

Kumene kukhulupirirana kulipo, zinthu zazikulu zimatheka. Kuyambira mu 2018, makolo a ku Ndirande ndi Zingwangwa analola ana awo pafupifupi 28,000 kulowa mu kafukufuku wa katemera wa tayifodi. Zotsatira zake zinaonetsa kuti katemerayo amateteza ana ambiri, ndipo mu 2023 anayamba kuperekedwa m'dziko lonse. Mu Epulo 2019 Malawi anali woyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana, kenaka Ghana ndi Kenya. Ku Chilumba, m'boma la Karonga, ofufuza akhala akuyenda ndi mabanja a kumeneko kuyambira 1979, poyamba pa nkhani ya khate, kenaka chifuwa chachikulu, HIV ndi matenda ena. Ntchito ya zaka zonsezo sikanatheka anthu akanawatsekera zitseko. Tsono inu mukamaliza kafukufuku wanu, ngakhale wamng'ono, bwererani kwa anthu amene anakupatsani nthawi yawo mukawauze zimene munapeza. Midzi yambiri yatopa ndi alendo ofunsa mafunso amene akachoka sabweranso.

Musaganize kuti matenda akale anatha. Mu Febuluwale 2022 dziko linalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, patatha zaka 30 matendawa asanaoneke kuno, ndipo kachilombo kake kanali ka mtundu umene unkafalikira ku Pakistan. Mwezi wotsatira kolera anabuka ku Machinga, mvula ya namondwe Ana itagwetsa zimbudzi ndi kuipitsa zitsime. Mliriwo sunathe ndi dzinja monga tinazolowera. Unafika m'maboma onse, unachedwetsa kutsegulira sukulu ku Lilongwe ndi ku Blantyre mu Januwale 2023, ndipo unapha anthu oposa 1,700, kuposa mliri wina uliwonse wa kolera m'mbiri ya dziko lino. Chomvetsa chisoni n'chakuti palibe chinsinsi chilichonse pa matendawa. Madzi aukhondo, chimbudzi, kusamba m'manja ndi sopo, klorini m'ndowa, thanzi ORS ndi kuthamangira kuchipatala msanga, zonsezi timazidziwa kalekale. Anthu anafa chifukwa zodziwikazo sizinawafike. Choncho musanyansidwe ndi ntchito yoyendera zimbudzi, misika ndi ngalande, kapena yophunzitsa banja kumanga mpondagiya. Muzidziwanso kuti mjigo sukumbidwa ndi unduna wa zaumoyo wokha. Mudzayenera kukhala pa tebulo limodzi ndi a zamadzi, a khonsolo, a zamaphunziro ndi a zaulimi, n'kuwalankhula m'mawu amene iwo angamve.

Kuphunzira kugwira ntchito ndi anthu ena kumayambira pasukulu pomwepo. M'kalasi mwanu mudzakhala anthu a ku Chitipa ndi a ku Nsanje, ena achichepere, ena akuluakulu amene agwira kale ntchito m'zipatala zakumidzi ndipo asiya mabanja kuti adzawonjezere maphunziro. Akuluakuluwo mwina kompyuta idzawavuta, koma adziwa zimene zimachitika mankhwala akatha mwezi usanathe. Athandizeni masamu, iwo akuthandizeni nzeru. Pangani magulu okambirana maphunziro, ndipo pa ntchito ya gulu musakhale munthu wongolembetsa dzina. Chezani ndi ophunzira unamwino, udokotala, zamankhwala ndi za mulabotale. Pafupi nanu pali chipatala cha Gulupu, Queen Elizabeth, ndi mabungwe ofufuza monga Malawi-Liverpool-Wellcome, kumene akatswiri amafotokoza zimene apeza. Mukamva kuti kuli msonkhano wotseguka, pitani mukakhale kumbuyo mumvetsere, ngakhale zina zikupitirireni. Anzanu a lerowa ndi amene mudzawaimbire foni usiku mliri ukadzabuka m'boma lanu.

Dzisamaleni inu eni. Simungaphunzitse achinyamata za kupewa HIV masana, usiku n'kumachita zimene mukuletsazo. Kayezetseni, dzitetezeni, ndipo mowa usakhale mankhwala a mayeso. Atsikana, munthu aliyense amene akufuna thupi lanu posinthana ndi malikisi, ndalama ya lendi kapena malo a ntchito, kaya ndi wamkulu bwanji, akukulakwirani. Kanani ndipo kamuneneni kwa oyenera. Anyamata, mukaona zotere zikuchitikira mnzanu, musakhale chete. Ndalama idzavuta, fizi idzachedwa, ndipo masiku ena mudzagona ndi njala. Mtima ukalemera mpaka tulo kusowa, uzani munthu: mnzanu, mphunzitsi, mlangizi wa pasukulu, kapena ife kunyumba. Tataya achinyamata ambiri m'dziko muno chifukwa chosenza okha mavuto, ndipo inu mukuphunzira kuti matenda a maganizo ndi matenda ngati ena onse. Chiphunzitso chimenecho chiyambe kugwira ntchito pa inu.

Pali matenda ena amene amagwira anthu a ntchito yathuyi akangoyamba kudziwika, ndiwo kukonda ma alawansi. Mudzaona anthu akuthamangira misonkhano ya m'mahotela a kunyanja sabata ndi sabata, kusayina pepala, kulandira envelopu, pamene kuchipatala kwawo odwala ali pamzere. Malipiro ndi ochepa, ndikudziwa, ndipo wantchito ayenera kulandira zake. Koma mukafika poti simungapite kumudzi kumene kwabuka matenda chifukwa palibe alawansi, dziwani kuti mwasochera. Anthu akumudzi amaona zimenezi. Nawonso ayamba kufunsa kuti pamsonkhano pali chiyani asanabwere, chifukwa anaphunzira kwa ife. Mbadwo wanu ungathe kukonza zimenezi, mukayamba kukana mukadali ophunzira, pamene mtima sunaume.

Chakumapeto kwa maphunziro mudzalemba buku la kafukufuku wanu. Sankhani funso limene yankho lake lingathandize munthu wina, ngakhale likhale laling'ono: chifukwa chimene ana a dera lina samaliza katemera, kapena kumene odwala chifuwa chachikulu amasowera asanamalize mankhwala. Pitani kwa mphunzitsi wokuyang'anirani kawirikawiri, musadikire kuti akusakeni, ndipo musabe zolemba za ena. Mukamaliza, phunzirani kunena zimene mwapeza m'mawu ochepa, m'Chingerezi kwa akuluakulu a unduna, m'Chichewa, Chiyao kapena Chitumbuka kwa eni nkhani. Ngati agogo anu sangamve zimene mwapeza, ntchito ikadalipo. Ndipo musadziderere poganiza kuti nzeru zonse zimachokera kunja. Mu 2011 akatswiri a kuno anaona kuti makina oyezera chitetezo cha m'thupi ndi ochepa, ndipo amayi ambiri oyembekezera amene ali ndi HIV akuchedwa kuyamba mankhwala podikira kuyezedwa. Anaganiza zoti mayi aliyense wotere ayambe ma ARV nthawi yomweyo ndi kumwa moyo wake wonse. Njira imeneyi, yotchedwa Option B+, ena kunja anaikayikira poyamba, koma bungwe la World Health Organization linadzaivomereza ndipo mayiko ambiri anatsatira. Inachokera kwa anthu odziwa bwino zipatala zathu, amene analimba mtima kunena zimene zingatheke kuno.

Ndikuuzeniretu kuti ntchito imeneyi ilibe kuwomba m'manja kwambiri. Dokotala akachita opaleshoni bwino, abale amabwera ndi nkhuku kudzathokoza. Inu mukagwira bwino ntchito, mwana sadwala, mliri subuka, ndipo palibe amadziwa kuti panali choopsa. Mu 2022 bungwe la World Health Organization linatsimikiza kuti Malawi wagonjetsa trachoma, matenda a maso amene ankachititsa anthu khungu. Ana amene akanadzakhala akhungu sadzadziwa mayina a anthu amene anayenda m'midzi kugawa mankhwala ndi kuphunzitsa kusamba kumaso. Ngati mukufuna kutchuka, mudzakhumudwa. Ngati mukufuna kuti maliro a ana achepe m'midzi yathu, mwasankha bwino, ndipo ntchito ikukudikirani yambiri: ana opinimbira akadali ochuluka, malungo sanathe, ndipo shuga, kuthamanga kwa magazi ndi khansa ya khomo la chiberekero zikupha anthu amene akanapulumuka zikanadziwika msanga.

Pitani tsono, ana anga. Limbikirani masamu, lemekezani mlangizi wa kumudzi, pemphani chilolezo musanafunse, sungani chinsinsi cha anthu, ndipo musalembe nambala imene simunaiwerenge. Mukatero, tsiku limene mudzaime pabwalo la mfumu n'kunena kuti madzi awa musamwe, kapena bweretsani ana alandire katemera, anthu adzakumverani, ndipo adzakhala ndi moyo. Mulungu akutsogolereni, muyende bwino.